Yunifomu ya Achemwali Inapita ku Limbe

Kwathu ku Domasi, m'dera la Malemia, anthu ankanditcha namzeze. Ankati ndimafika ndi mvula, ikangotha ndauluka. Sankanama. Kuyambira Novembala mpaka kukolola ndinkakhala kumudzi, m'kanyumba kanga ka pamalo a malemu mayi, kulima munda umene anandigawira. Ndikakolola ndinkakhoma chitseko n'kupita ku Bangwe, kumene ndinkachita lendi chipinda chimodzi, n'kumagulitsa kaunjika pa benchi langa mumsika wa Limbe. Mwamuna ndinali nditamusiya kalekale, ndipo sindinamulirepo.

Ndikakhala kumudzi benchi silinkagona. Ndinkalisiya m'manja mwa mnzanga Dorika, mkazi wosaseka ndi kasitomala. Pakati pathu pankayenda a Saidi, dalaivala wa lole imene inkadutsa pamsewu wa ku Liwonde Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndinkawapatsira kalata, iwo n'kundibweretsera yankho ndi katundu. Geni yonse inkayenda pa timapepala tong'amba m'kope.

Chaka chimene ndikunenachi chinali cha m'ma 1990, dzuwa litaotcha chimanga cha dzinja lapitalo chisanabereke. Ana a masiku ano amachisokoneza ndi njala zina. Ine sindingachisokoneze, chifukwa ndi chaka chimene ndinanenepa.

Novembala

Ndinatsika pamsewu wa tala ndi matumba anayi a chimanga ndi belo limodzi la zovala. Zaka zonse amayi ankathamangira belo kuti asankhe zabwino anzawo asanafike. Chaka chimenecho maso onse anali pa matumba. Anandinyamulira mpaka kunyumba ndisanawapemphe, ndipo pochoka ankatola timaso ta chimanga togwera pakhonde. Nkhokwe m'mudzimo zinali mbee, nkhuku zikuikiramo mazira. Mtsinje wa Domasi munthu ankaulumpha osanyowa, ndipo ku madimba a mpunga nthaka inali itang'aluka moti phazi la mwana linkalowa.

Achemwali anga a Esinati anabwera kudzandilonjera tsiku lomwelo. Tinabadwa awiri okha, iwo aakulu. Amuna awo anali atamwalira, ndipo ankakhala ndi mwana wawo Ketirina ndi adzukulu atatu. Pakati pa nyumba yawo ndi yanga panali mpanda wa udzu basi. Iwo anali a gulu la amayi ku mpingo. Lachinayi lililonse ankavala yunifomu, bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, n'kudutsa pakhomo panga khosi lili njo. Bulauziyo ndinkaidziwa bwino. Inali ndi mabatani anayi oyera, ndipo lachisanu la pakhosi linali lobiriwira, lochotsedwa pa diresi ya malemu mayi.

Ndinali nawo chifukwa achemwaliwo. Chaka chimene ndinasiya mwamuna, akulu a mpingo atandiitana, iwo ndi amene anaima atavala bulauzi yomweyo n'kunena kuti, "Mng'ono wangayu ndamulephera, ndalama zamulowa m'mutu." Akuluwo anandidula mu mpingo. Panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri, koma ine ndine munthu wosaiwala.

"Wayenda bwino, Agi?" anandifunsa. "Kuno tikungopenya dzuwa."

Ndinawapatsa mbale imodzi ya chimanga ndi kamchere, monga amachitira munthu wochoka ku ulendo. Mvula yodzalira inagwa mwezi ukukatha. Ambiri anali atadya mbewu yawo, choncho anadzala timagawo ta minda. Ine ndinadzala munda wonse, ndipo ondidzalira anali aganyu olipidwa madeya.

Disembala

Belo langa linakhala milungu itatu osatuluka ngakhale kasiketi ka mwana. Munthu amene akuphika mango osapsa sagula malaya. Ndinayamba kudandaula kuti chaka chandithera pachabe, mpaka tsiku lina bambo wina wa ku Naisi anafika ndi wailesi ataikulunga m'nsalu. Sankafuna ndalama. Ankafuna chimanga.

Apo m'pamene maso anatseguka. Kumudzi kunali katundu wopanda chakudya, ku Limbe kunali anthu a pamwezi ofuna katundu wotchipa. Geni ndinaitembenuza. Lachiwiri a Saidi ankanyamula za kumudzi, Dorika n'kuzigulitsa, ndipo Lachisanu lole inkabwera ndi chimanga chimene iye ankagula kwa mavenda. Mabulangete, mapoto, nyale, zitenje zosungira ukwati, makasu, ngakhale zitseko, zonse zinkadutsa pakhonde panga. Ndinali ndi mbale yanga yachitsulo yoyezera, ndipo sindinkayeza mophiri. Ndinkasalaza ndi dzanja mwiniwake akuona. Bulangete labwino linali mbale zitatu, poto wamkulu ziwiri. Disembala akamatha bulangete lomwelo linali litatsika kufika pa mbale ziwiri, chifukwa obwera anachuluka.

Vuto linali loti anthu ankabwerera. Wina akapeza kaganyu, kapena mwana wake akatumiza kandalama, ankafika ndi abale ake kudzalira kuti ndiwabwezere chinthu chawo. Mayi wina anabwera ndi alongo ake awiri, anakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha makina osokera a pamanja. Ndinalemba kalata, Dorika anabweza, ndipo ndinaluza phindu lalikulu kuposa lonse la mwezi umenewo. Zinandiwawa ngati andizula dzino.

Lachiwiri lotsatira ndinamulembera Dorika kalata ina, ndipo mawu ake ndimawakumbukira onse. Ndinati: "Kuyambira lero, kalata iliyonse yoti ubweze katundu, ngakhale ikhale ya dzanja langa, uziing'amba. Ndimalemba anthu atandiimirira pamutu. Ngakhale ndilembe kuti munthu akufa, usamvere. Chinthu chimene chatchulidwacho ndiye uzichigulitsa msanga."

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wachifundo. Wobwera kudzalira ndinkamukhazika pamkeka, n'kulemba kalata iye akuona, n'kumuwerengera mokweza. Ena ndinkawapatsa kuti akaipereke okha kwa a Saidi. Lachisanu ndinkapukusa mutu n'kunena kuti, "Pepani abale, kalata inafika mochedwa, chinali chitapita." Ambiri ankandithokoza poyesetsa.

Januwale

Mvula inkagwa bwino, ndipo zimenezo n'zimene zinkapweteka kwambiri. Minda inali bii, chimanga chikufika m'chiuno, koma opalira analibe mphamvu. Munthu ankakhapa mizere iwiri n'kukhala pansi. Anthu anayamba kukumba zitsa za nthochi, kuzisinja n'kuziphika. Nkhwani, chisoso ndi bonongwe ankazidya zopanda chotsagana nacho. Agalu anasowa m'mudzi, sindikudziwa ngati anathawa kapena anafa.

Kunabwera chimanga chachikasu cha thandizo, chogawidwa pabwalo la mpira. Mphekesera zinali mbwee. Ena ankati n'cha ng'ombe za kunja, ena ankati chimafoola abambo. Onena zimenezo ndi amene ankayamba kufola. Banja la achemwali linalandira ndowa imodzi, imene anthu asanu anaimaliza mlungu usanathe. Ulendo wachiwiri lole ya thandizo sinabwere, ankati mlatho wina wakokoloka.

Achemwali anali asanabwerepo pakhonde panga kudzagulitsa kanthu. Ndinkawaona pa mpanda akuonda, mafupa a m'khosi akutuluka, koma Lachinayi ankavalabe yunifomu yawo n'kudutsa. Ndinkadziwa kuti chakudya chawo ankagawira adzukulu. Sindinawaitane. Ndinkadikira kuti abwere okha, ndipo ndinkafuna kuti abwere.

Anabwera pakati pa mweziwo, Lolemba m'mawa, atanyamula ndowa yachitsulo ndi lichero. Anakhala pansi kunsi kwa khonde ngati mlendo.

"Amake Fane," anatero, kunditchula ndi dzina la mwana wanga, ulemu umene sankandipatsa, "anawa agona ndi njala masiku awiri. Tandionerani ndowayi."

"Ndowa ndili nazo zisanu ndi imodzi, achemwali. Ku Limbe madzi ndi a pampopi, sakuzifuna."

"Nanga lichero?"

Ndinaseka. M'nyumba mwanga munali matumba asanu ndi awiri. Ndikanatha kuwadzazira ndowa yomweyo osamva n'komwe. Koma ndinawafunsa kuti, "Mu sutikesi muja mulibe kanthu?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa chimene ndikunena, ndipo ankadziwa chifukwa chake.

"Ija ndi yoti adzandiveke ndikadzafa, Agi. Ukudziwa."

Ndinkadziwadi. Mayi wa yunifomu akamwalira, anzake ndi amene amamusambitsa n'kumuveka yunifomu yake, n'kumuperekeza atavala zoyera zokhazokha. Achemwali anaigwirira ntchito yunifomuyo zaka zoposa makumi awiri, kudwazika odwala ndi kuchezera maliro a anthu ena.

"Simukufa lero," ndinawauza. "Nsalu yake ndi yolimba, ku tauni imayenda. Ndikupatsani mbale zisanu. Palibe amene ndamupatsapo zisanu mwezi uno."

Anadzuka n'kumapita ndi ndowa yawo. Masana Ketirina ndi amene anabweretsa, zitatu zonse, zosita ndi zopinda bwino, zikununkhira sopo wa m'sutikesi. Ndinamuyezera mbale zisanu, ndipo zonse ndinasalaza ndi dzanja. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinakondwa. Lachinayi lotsatira palibe anadutsa pakhomo panga.

Poyamba ndinkati ndiisunge m'nyumba, achemwali adzandipepese kenako ndiwabwezere. Koma Lachiwiri pomanga katundu ndinaona kuti mtolo wachepa, ndiye ndinaiponyamo.

Febuluwale

Mwezi umenewu maliro anayamba kutsatizana. Okumba manda ankasinthana katatu dzenje limodzi. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, anthu ankagona m'minda kulondera zinthu zosakhwima. Ine ndinkagona pafupi ndi matumba anga, chikwanje chili pambali.

Achemwali anayamba kutupa miyendo, kenako kutsegula m'mimba. Nditamva kuti sakudzuka ndinapita ndi ufa, ndinawaphikira phala ndi manja anga. Anthu ena amati ndinapita mochedwa dala. Ayi, ndinkangoganiza kuti achemwali ndi munthu wosagwa. Phalalo silinkakhala m'mimba. Tinawatengera kuchipatala pa njinga, anawapatsa mankhwala, tinabwerera.

Lolemba lina masana anandigwira dzanja. Mawu anali atachepa.

"Agi, sindikukupempha chakudya. Ndibwezere zovala zanga. Ndisapite ngati munthu wachabe."

"Zibwera Lachisanu, achemwali."

Ndinalemba kalata pomwepo, Ketirina atagwira kope. Ndinalemba kuti: "Dorika, ino ndi yeniyeni. Yunifomu ija ndi ya achemwali anga a bere limodzi, ali pafupi kufa. Iwala zimene ndinakuuza. Bweza Lachisanu, ndakugwira mwendo." Ndinadula mzere kawiri pansi pa mawu oti yeniyeni. Polemba ndinkadziwa kuti makalata ena asanu ndi imodzi a mwezi umenewo analinso ndi anthu akufa. A Saidi ndinawauza pakamwa kuti akamutsimikizire Dorika, koma iwo anangogwedeza mutu, chifukwa ndinkawauza zomwezo nthawi zonse eni katundu akamamvetsera.

Ndikanatha kukwera lole yomweyo. Ku Limbe si kutsidya kwa nyanja. Ndinaima pamsewu phazi lina lili pa tayala, kenako ndinaganiza za matumba anga asanu ndi anayi m'nyumba ya chitseko chimodzi, m'mudzi wa anthu anjala. Ndinatsitsa phazi. Ichi sindinauzepo munthu mpaka lero.

Lachisanu lole inabwera ndi thumba la chimanga ndi kapepala. Dorika analemba kuti: "Kalata ndaiona, nkhawa ayi. Ndachita monga mwa nthawi zonse."

Achemwali nditalowa anayang'ana manja anga, osati nkhope. Ndinati, "A Saidi aiwala, abweretsa Lachiwiri." Anatembenukira kukhoma. Anamwalira Lamulungu m'mawa, belu la tchalitchi likulira.

Amayi a mpingo anafika mumzere, onse atavala zoyera, ena yunifomu zikuwakhuthuka chifukwa cha kuonda. Mtsogoleri wawo anali mai Mpaso, mayi wachikulire wa mawu otsika. Atamaliza kusambitsa thupi anatuluka pakhomo n'kufunsa kuti, "Ketirina mwanawe, sutikesi ya amayi ako ili kuti?"

Ketirina sanalire. Anangondiloza ndi mutu, pamaso pa anthu onse okhala pabwalo. "Afunseni aang'onowa. Anagula mbale zisanu."

Ndinathamangira kwanga, ndinamasula belo lija limene silinagulidwe chibwerere, ndinasankha diresi yoyera yokongola kuposa zonse, ya kunja, yamaluwa osokerera pachifuwa. Ndinabwera nayo m'manja awiri. Mai Mpaso anaiyang'ana osaigwira.

"Kasungeni, mai. Mukagulitsa."

Analowa m'nyumba. Patapita nthawi anatuluka atadzimangira chitenje m'khwapa, kumutu kuli mpango wa Ketirina. Bulauzi yawo ndi duku lawo anali ataveka achemwali. Siketi inachokera kwa mayi wina. Anatsogolera nyimbo mpaka kumanda ali choncho, mayi wachikulire mapewa ali pamtunda, mvula ikuwaza. Ine ndinapereka thumba lathunthu la chimanga pamaliropo. Anthu anadya, chifukwa njala sinkasankha, koma palibe anandipatsa moni.

Malichi ndi Epulo

Mondokwa anakhwima patangopita milungu iwiri chiwaikire achemwali. Milungu iwiri yokha. Fungo la chimanga chootcha linadzaza mudzi, ana anayambanso kuchita phokoso, ndipo pakhonde panga panasiya kufika munthu. Munda wanga unabereka kuposa minda yonse ya m'mudzimo, chifukwa unadzalidwa wonse ndi kupaliridwa kawiri. Okolola ndinachita kukawafuna ku Naisi. A m'mudzi ngakhale ganyu anakana.

Ndinatumiza matumba awiri kwa Ketirina. Analandira, ana ake anadya, koma anatseka kampata ka pa mpanda kamene ine ndi achemwali tinkadutsirapo kuyambira tili atsikana. Kwa mai Mpaso ndinatumiza nsalu yoyera ya mamita atatu. Inabwerera tsiku lomwelo isanafunyululidwe.

Meyi

Ndinakhoma chitseko n'kupita ku Limbe. Dorika anandilandira mosangalala, benchi litakula kawiri. Ndisanakhale pansi ndinamufunsa za yunifomu.

"Ija? Inakhalitsa, anthu ankachita mantha kuigula. Koma kalata yanu itafika ndinatsitsa mtengo, inapita tsiku lomwelo." Anaseka. "Koma inunso mumatha kulemba. Mpaka kudula mizere, ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira."

Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira chiyani? Mkaziyo sanaphonye ngakhale liwu limodzi la zimene ndinamulamula. Ndinangomufunsa ngati akumudziwa wogulayo. Anati ndi mayi wina wa ku Bangwe komweko, wogulitsa makala, amene anali atangolandiridwa kumene m'gulu la amayi koma analibe ndalama yosoketsera yatsopano.

Lachinayi ndinakaima panja pa tchalitchi chimene Dorika anandilozera. Amayi atatuluka sindinavutike kufunsa. Batani lobiriwira linali pakhosi pa mayi wamfupi, wa manja akuda ndi makala, akuyenda mosamala ngati wanyamula mazira. Ndinamupatsa moni, ndinamukokera pambali.

"Mayi, bulauzi mwavalayi inali ya achemwali anga. Ndigulitseni. Ndikupatsani kawiri zimene munalipira, kapena ndikusoketserani yatsopano kwa telala amene mungamufune."

Sindikudziwa chimene ndinkafuna kukachita nayo. Manda anali atamera kale udzu.

"Iwowo akuifuna?" anandifunsa.

"Anamwalira."

"Pepani." Anagwira batani lija ndi zala ziwiri. "Ndiye kuti anali ndi ziwiri, poti ina anapita nayo."

Iye anapukusa mutu mofatsa, akumwetulira, ngati akulangiza mwana.

"Ayi mayi, musandiyese. Abusa anaipempherera ili pathupi langa. Chinthu ngati ichi munthu sagulitsa, ngakhale njala itavuta bwanji. Imeneyi adzandiveka ndikadzafa."

Anakonza duku lake n'kuthamangira anzake. Ndinakhala ku Bangwe mpaka Okutobala, ndipo njira yake yopitira ku tchalitchi inkadutsa pakhomo panga. Lachinayi lililonse ankandipatsa moni.